Kuchokera ku Kazungula mpaka ku Gaborone: zolemba za ulendo wa ku Botswana

Lolemba, Kasane

Ndalowa m'dziko la Botswana masana ano podzera pa mlatho wa Kazungula, umene uli pa mtsinje wa Zambezi pamalo pamene maiko anayi, Zambia, Botswana, Zimbabwe ndi Namibia, amayandikana kwambiri. Mlathowu ndi wotalika mamita 923 ndipo unatsegulidwa mu Meyi 2021. Anaumanga mokhota chifukwa malire a Botswana ndi Zambia ndi aafupi zedi, mamita pafupifupi 150 okha, choncho ukanawongoka ukanaponda m'madzi a maiko oyandikana nawo. Dalaivala wina wa thiraki yonyamula kopa kuchokera ku Congo kupita ku doko la Durban, amene ndinaima naye pamzere wodinditsa pasipoti, anandiuza kuti kale, pamene magalimoto ankaoloka pa chombo, iwo ankagona pagombe masiku ambiri kudikira mpata. Tsopano maofesala a maiko onse awiri amakhala m'nyumba imodzi ndipo munthu amamaliza zonse pamalo amodzi.

Chimene chandibweretsa ndi funso limene lakhala likundivutitsa maganizo kwa nthawi yaitali. Malawi ndi Botswana onse anali pansi pa ulamuliro wa Britain, onse alibe gombe la nyanja yamchere, ndipo analandira ufulu wodzilamulira motsatizana, ife mu 1964, iwo pa 30 Sepitembala 1966. Panthawiyo onse ankawerengedwa m'gulu la maiko osaukitsitsa padziko lapansi. Lero Botswana ili m'gulu la maiko opeza bwino ndithu, ndipo kwathu aliyense akafunsidwa chifukwa chake amangoyankha kuti ndi dayamondi. Yankho limeneli silindikhutiritsa, popeza maiko ena ali ndi miyala yomweyo koma anthu ake sanaonepo phindu lake.

Kukula kwa dzikoli ndi masikweya kilomita 581,730, kuchulukitsa Malawi pafupifupi kasanu, koma kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.36 miliyoni okha. Gawo lalikulu, pafupifupi 70 peresenti, ndi mchenga wa chipululu cha Kalahari, ndipo anthu ambiri anaunjikana chakum'mawa m'mbali mwa njanji ndi msewu waukulu. Kuno ku Kasane, kumpoto kwenikweni, ndi kumene kuli madzi ochuluka. Madzulo ndinakwera boti pa mtsinje wa Chobe ndipo ndinaona njovu zikuoloka mtsinje, zazikulu patsogolo, tiana pakati, chitamba chokha chikuonekera pamwamba pa madzi.

Lachiwiri, Nata

Msewu wochokera ku Kazungula kudzafika kuno ndi wa makilomita pafupifupi 300, ndipo mbali yaikulu ndi tchire la mitengo ya tsanya lopanda mudzi ngakhale umodzi. Basi yathu inaima kawiri kuti njovu zidutse. Botswana ili ndi njovu pafupifupi 130,000, kuposa dziko lina lililonse, ndipo nkhani yake si ya alendo okaona malo okha. Mayi amene ndinakhala naye pampando anafotokoza mmene njovu zimathera munda wa mapira usiku umodzi ndi kugwetsa mathanki a madzi, vuto limene anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango za Kasungu ndi Liwonde amalidziwa bwino. Mu 2014 boma la Ian Khama linaletsa kusaka nyama, koma mu 2019 boma la Mokgweetsi Masisi linachotsa chiletsocho litamva madandaulo a anthu akumidzi, ngakhale kuti mabungwe a kunja anakwiya nazo kwambiri. Ine ndikuona kuti munthu amene sanataye chakudya cha chaka chonse chifukwa cha njovu ayenera kumvetsera kaye asanaweruze.

Ku Pandamatenga tchire linatha mwadzidzidzi ndipo tinaona minda ikuluikulu ya dothi lakuda, kumene amalima mapira ndi mpendadzuwa ndi mathirakitala. Malo otere ndi osowa, pakuti nthaka yolimika m'dziko lino siifika ngakhale 1 peresenti, ndipo chakudya chambiri cha m'masitolo chimachokera ku South Africa.

Tisanafike ku Nata tinatsitsidwa tonse pa chipata cha alangizi a ziweto. Aliyense anaponda pa chiguduli chonyowa ndi mankhwala, nsapato za m'zikwama nazonso zinatulutsidwa n'kupondetsedwa pomwepo, basi inadutsa m'dziwe la mankhwala, ndipo ofesala anafufuza ngati wina wanyamula nyama yaiwisi. Zonsezi n'zoteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene njati zimafalitsa. Dziko lonse analigawa ndi mipanda ya waya yotalika makilomita ambirimbiri kuti nyama ya ng'ombe ya Botswana iziloledwa pa msika wa ku Ulaya. Mipandayi inapulumutsa malonda a nyama, koma inatsekanso njira zimene nyumbu ndi mbidzi zinkadutsa pofuna madzi, ndipo nyama zambiri zinafera pa waya m'zaka za chilala.

Dzuwa litapendeka ndinapita m'mphepete mwa Makgadikgadi, chigwa choyera mbee ndi mchere, chimene kalekale chinali nyanja yaikulu. Ku Sua Pan, mbali ina ya chigwachi, kampani ya Botash imakumba mchere ndi soda.

Lachitatu, Maun

Lero ndayenda makilomita ena pafupifupi 300 kulowera kumadzulo. Maun ndi likulu la Batawana kuyambira 1915, ndipo ngakhale kuli bwalo la ndege kumene tindege ting'onoting'ono timanyamuka mosalekeza kupititsa alendo m'nkhalango, abulu ndi mbuzi zimayendabe m'misewu ya m'tauni. Usiku kukuzizira kwambiri, monga zimakhalira m'chipululu mwezi wa Julaye. Moni wa kuno ndi "Dumela, Rra" kwa bambo ndi "Dumela, Mma" kwa mayi, ndipo munthu amene wayamba kufunsa njira asanapereke moni amaonedwa ngati wopanda mwambo.

Lachinayi, Maun

Mvula inaleka miyezi ingapo yapitayo, udzu wauma, koma mtsinje wa Thamalakane umene umadutsa m'tauni muno ukudzaza tsopano. Madzi amenewa ndi mvula imene inagwa kumapiri a ku Angola kumayambiriro kwa chaka. Mtsinje wa Okavango umawatenga kudutsa ku Namibia, kenako ukalowa mu Botswana umamwazikana pamchenga n'kupanga dambo lalikulu limene limatha kufika masikweya kilomita 15,000. Chifukwa malowo ndi athyathyathya ndiponso odzaza gumbwa ndi bango, madzi amayenda pang'onopang'ono kwa miyezi, n'kudzafika kuno nthawi yachilimwe pamene nyama ndi ziweto zikuwafuna koposa. Mtsinjewu sufika kunyanja, ndipo madzi ake pafupifupi onse amauma ndi dzuwa kapena kumwedwa ndi zomera. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba dambo la Okavango kukhala malo a nambala 1,000 pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse.

Ndinalowa m'damboli pa bwato lotchedwa mokoro. Wopalasa amaimirira kumbuyo n'kumakankha pansi ndi mtengo wautali, ndipo bwato limatsetsereka m'tinjira timene mvuu zinatsegula m'bango. Madzi ndi oyera moti mchenga wapansi umaoneka. Mnyamata amene anandipalasa ndi wa mtundu wa Bayei, amene akhala m'damboli kwa zaka mazana angapo, ndipo anandionetsa kuti bwato lakelo si la mtengo ayi, koma la pulasitiki yolimba, popeza kusema mabwato kunkatha mitengo ikuluikulu ya m'zilumba. Iye ali m'bungwe la m'mudzi limene limagawa alendo kwa opalasa mosinthana.

Boma linasankha kuti alendo azibwera ochepa koma olipira ndalama zambiri, kuti damboli lisawonongeke. Mfundoyi yateteza chilengedwe ndipo ntchito zokopa alendo zili m'gulu la zimene zimabweretsa ndalama zakunja zochuluka pambuyo pa migodi. Komabe mitengo ya malo ogona a m'kati mwa dambo ndi yoti mphunzitsi wa ku Maun sangaikwanitse, ndipo ambiri mwa malowo eni ake ndi makampani akuluakulu. Chinthu chimene chinandisangalatsa ndi mbiri ya nkhalango ya Moremi, imene inakhazikitsidwa mu 1963 ndi Batawana eni ake, osati atsamunda, ataona kuti alenje akutha nyama. Moyo wonse wa damboli umadalira zochita za Angola ndi Namibia kumtunda, n'chifukwa chake mu 1994 maiko atatuwa anapanga bungwe la OKACOM loti azikambiranamo za mtsinjewu.

Lachisanu, Letlhakane

Kuchoka ku Maun ndinatsata mtsinje wa Boteti kudzera ku Rakops, dera la fumbi ndi ng'ombe. Banja la Chitswana mwamwambo limakhala ndi malo atatu: nyumba kumudzi waukulu, minda kutali pang'ono, ndi khola la ng'ombe kutali kwambiri kumene kuli mjigo. Ngakhale ogwira ntchito m'maofesi ku Gaborone amathamangira ku khola kumapeto kwa sabata. Chakumwera kwa Rakops kuli nkhalango ya Central Kalahari, kwawo kwa Basarwa, amene ena amawatcha San, anthu oyambirira kukhala m'dziko lino. Boma linawasamutsa m'nkhalangomo mu 1997 ndi mu 2002 ponena kuti likufuna kuwafikitsa pafupi ndi sukulu ndi zipatala, koma mu 2006 khoti lalikulu linagamula kuti kusamutsako kunali kosemphana ndi malamulo, ndipo mu 2011 khoti la apilo linawalola kugwiritsa ntchito mjigo umene boma linatseka. Nkhani imeneyi ndi chilema pa mbiri ya Botswana. Chokhacho chimene ndingayamikire n'chakuti makhoti anatha kuliuza boma kuti lalakwa.

Letlhakane ndi mudzi umene unakula chifukwa cha migodi. Tauni ya Orapa ili pafupi, koma ndi yotchingidwa ndi mpanda ndipo salowamo munthu wopanda chilolezo, choncho ndangoona milu ikuluikulu ya dothi lotuwa imene imaoneka patali pachigwa chopanda phiri. Pano ndi pamene akatswiri a miyala a kampani ya De Beers anapeza dayamondi mu 1967, chaka chimodzi chokha dziko litalandira ufulu, ndipo mgodi unatsegulidwa mu 1971. Mgodi wa Jwaneng, kumwera, umene umatchuka kuti ndi wolemera kuposa migodi yonse ya dayamondi padziko, unayamba mu 1982. Pa mgodi wa Karowe, kufupi ndi kuno, anapeza mwala wa makarati 2,492 mu Ogasiti 2024, wachiwiri kukula pa miyala yonse imene inapezekapo.

Apa ndi pamene funso langa layamba kuyankhika. Orapa ili m'dera la Bangwato, mtundu wa Seretse Khama, mtsogoleri woyamba wa dzikoli. Mwa mwambo wakale chuma cha m'nthaka chinali cha mtundu umene uli ndi nthakayo, kotero Bangwato akanatha kulemera okha. Koma Khama anakambirana ndi mafumu kuti chuma chonse cha pansi pa nthaka chikhale m'manja mwa boma m'malo mwa nzika zonse, ndipo lamulo la migodi la 1967 linakhazikitsa zimenezi. Mtundu wake womwe ndi umene unataya zambiri pa mgwirizanowo. Chotsatira chake n'chakuti dayamondi wa ku Orapa anamanga sukulu ku Maun ndi chipatala ku Ghanzi, ndipo palibe chigawo chimene chinadzukapo ndi mfuti kunena kuti chikuberedwa.

Chachiwiri ndi mmene boma linakambirana ndi De Beers. M'malo molanda migodi, monga maiko ena ankachitira panthawiyo, kapena kungolandira msonkho wochepa, linalowa m'kampani imodzi ndi De Beers, imene lero imatchedwa Debswana, ndipo kuyambira 1975 mbali iliyonse ili ndi theka. Pophatikiza msonkho ndi gawo lake la phindu, boma limatenga pafupifupi 80 peresenti ya phindu la Debswana, komanso lili ndi 15 peresenti ya De Beers yeniyeniyo. Nthawi iliyonse mgwirizano ukamatha, boma lakhala likupempha zochulukirapo. Mu 2013 De Beers inasamutsa malonda ake a dayamondi kuchoka ku London kubwera ku Gaborone, ndipo mgwirizano umene unasainidwa mu Febuluwale 2025 ukuti gawo la miyala imene kampani ya boma ya Okavango Diamond Company imagulitsa payokha lizikwera mpaka kudzafika theka. Ndalama zotsala m'zaka zabwino ankazisunga m'thumba lotchedwa Pula Fund. Pamene kwathu tikukamba za migodi ya Kayelekera, Kangankunde ndi Kasiya, mbali imeneyi ya mbiri ya Botswana ndi imene ndikanakonda aphungu athu ataiwerenga mofatsa.

Koma m'malo odyera muno usiku uno nkhani sinali yosangalatsa. Dayamondi amabweretsa pafupifupi 80 peresenti ya ndalama za katundu wogulitsidwa kunja, ndipo msika wake wagwa chifukwa cha miyala yopangidwa m'mafakitale, imene maonekedwe ake ndi omwewo koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Debswana yachepetsa kukumba, makontirakitala achotsa antchito, ndipo chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo mu 2024. Bambo wina amene amabwereketsa nyumba kwa ogwira ntchito kumgodi anati zipinda zake zina zakhala zopanda anthu kwa miyezi.

Loweruka, Francistown

Francistown ndi mzinda wachiwiri wa dzikoli ndipo unayamba chifukwa cha golide amene anapezeka m'dera la Tati m'zaka za m'ma 1860. Anthu ambiri kuno ndi Bakalanga, amene chilankhulo chawo chimafanana ndi Chishona cha ku Zimbabwe, ndipo pamsika ndamva zilankhulo zosiyanasiyana. Zilankhulo za boma ndi Chingerezi ndi Setswana, ndipo mitundu ina yakhala ikudandaula kuti malamulo oyendetsera dziko a 1966 anatchula mitundu isanu ndi itatu yokha ya Chitswana ngati mitundu ikuluikulu, n'kusiya Bakalanga, Bayei, Hambukushu, Baherero, Bakgalagadi ndi Basarwa. Ndadya seswaa, nyama ya ng'ombe yophikidwa nthawi yaitali ndi mchere wokha kenako n'kusinjidwa, pamodzi ndi bogobe, nsima ya mapira. Amayi pamsika akugulitsa phane, mphalabungu zouma za m'mitengo ya tsanya, m'mabeseni akuluakulu.

Kwa Mmalawi mzinda uno uli ndi mbiri yowawa. Pano panali likulu la ndege za Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, ndipo agogo athu amene ankapita kuJoni kukagwira ntchito m'migodi ankatera pano kuchokera kwathu, kenako n'kukwera sitima yapamtunda kupita ku Johannesburg. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inkabwezera anthu ku Malawi inagwa itangonyamuka pabwalo la ndege la Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafa ali paulendo wobwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Ngoziyi itachitika, Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'Malawi, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Ndinapempha woyendetsa takisi kuti andidutsitse kufupi ndi bwalo la ndegelo. Iye ndi wachinyamata ndipo nkhaniyi anali asanaimvepo, koma anaimitsa galimoto n'kundidikira mwaulemu mpaka nditamaliza kupemphera.

Batswana nawonso ankapita kumigodi yomweyo, pakuti ufulu usanabwere ntchito yolipidwa m'dziko muno inali yosowa. Kumwera chakum'mawa kwa kuno kuli tauni ya Selebi-Phikwe, imene mgodi wake wa kopa ndi nikelo unatsekedwa mu 2016 ndipo anthu zikwi zingapo anataya ntchito nthawi imodzi.

Lamulungu, Palapye

Ndatsika ndi msewu wa A1, umene umayenda moyandikana ndi njanji yakale yolumikiza South Africa ndi Bulawayo. Ku Palapye kuli mgodi wa malasha wa Morupule ndi malo opangira magetsi, komanso yunivesite ya sayansi ndi luso la zopangapanga. Ndagona msanga kuti mawa ndilawirire ku Serowe.

Lolemba, Serowe

Serowe ndi likulu la Bangwato kuyambira 1902, ndipo ngakhale kuli anthu zikwi makumi angapo, eni ake amautchabe mudzi. Pakati pake, m'munsi mwa phiri pamene pali manda a banja la Khama, pali kgotla, bwalo la mfumu lozunguliridwa ndi mitengo yozikidwa moyandikana. M'mawa uno ndinaloledwa kukhala kumbuyo n'kumvetsera mlandu wa ng'ombe zimene zinadya m'munda mwa munthu. Amuna anavula zipewa, aliyense wolankhula anaimirira, ndipo palibe amene anadulidwa mawu ngakhale atazungulira motani. Mnzanga amene ankanditanthauzira anati wogamula amalankhula pomalizira, atamva onse.

Kgotla si bwalo la milandu lokha. Nduna za boma, ngakhale mtsogoleri wa dziko, amabwera pamabwalo otere kudzafotokoza mfundo zatsopano ndi kuyankha mafunso a anthu wamba maso ndi maso. Kale amayi ndi anthu a mitundu yonyozeka analibe mawu pabwaloli, ndipo ngakhale lero pali odandaula kuti nthawi zina boma limabwera litagamula kale. Komabe chizolowezi chakuti wolamulira aime pamaso pa anthu n'kufunsidwa chinalipo atsamunda asanabwere, ndipo ndikukhulupirira kuti ufulu wa demokalase wa dziko lino unamera pa chizolowezi chimenechi.

Pabwalo lomweli ndi pamene panachitikira nkhani ya Seretse Khama. Iye anali wolowa ufumu wa Bangwato ndipo akuphunzira zamalamulo ku England anakwatira mzungu, Ruth Williams, mu 1948. Bambo ake aang'ono, Tshekedi Khama, amene ankagwirizira ufumu, anakana ukwatiwo, koma pa msonkhano wa mu Juni 1949 anthu zikwi zingapo anaimirira kuvomereza Seretse ndi mkazi wake. Boma la tsankho la South Africa linakakamiza Britain, ndipo Britain inamuthamangitsa m'dziko lake mpaka 1956, pamene anabwerera atavomera kusiya ufumu. Atabwerera anayambitsa nawo chipani chimene lero ndi Botswana Democratic Party, n'kupambana chisankho cha 1965. Agogo ake, Khama III, ndi mmodzi mwa mafumu atatu, pamodzi ndi Sebele I wa Bakwena ndi Bathoen I wa Bangwaketse, amene anapita ku Britain mu 1895 kukakana kuti dziko lawo liperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes. Akanapanda kutero, dera lino likanatha kukhala ngati Southern Rhodesia, kumene nthaka yabwino inalandidwa ndi azungu.

Lachiwiri, Gaborone

Atsamunda ankalamulira dziko lino, limene ankalitcha Bechuanaland, ali ku Mafeking m'dziko la South Africa, kunja kwa malire ake. Anasiya misewu ya phula yokwana makilomita pafupifupi 12 ndi nzika 22 zokha zimene zinamaliza maphunziro a ku yunivesite. Gaborone anaimanga mofulumira kuyambira 1964 kuti dziko latsopano likhale ndi likulu, ndipo anaikonzera anthu pafupifupi 20,000, koma lero muli anthu oposa 240,000, osawerengera midzi yozungulira monga Mogoditshane ndi Tlokweng. Likulu la SADC, bungwe limene Malawi ndi membala wake, lili mumzinda uno.

Ndinayenda wapansi kuchokera ku Main Mall mpaka ku Nyumba ya Malamulo, nyumba yaing'ono yosadzionetsera imene kutsogolo kwake kuli chipilala cha Seretse Khama. Anthu amasankha aphungu 61 zaka zisanu zilizonse, ndipo mtsogoleri wa dziko savoteredwa payekha monga kwathu, koma amakhala amene aphungu ambiri opambana anamuvomereza, ndipo saloledwa kupitirira zaka khumi. Pambali pa Nyumba ya Malamulo pali Ntlo ya Dikgosi, nyumba ya mafumu, imene imalangiza pa nkhani za mwambo ndi nthaka koma sipanga malamulo. Nthaka ya makolo imagawidwa ndi mabungwe otchedwa Land Board kuyambira pa lamulo la 1968, osati mafumu. Dziko linakhala lopanda asilikali mpaka 1977, ndipo silinaonepo boma lolandidwa ndi mfuti.

Pambuyo pa Khama, amene anamwalira mu 1980, panabwera Quett Masire, Festus Mogae, Ian Khama ndi Mokgweetsi Masisi, onse a chipani chimodzi. Kwa zaka 58 anthu okayikira ankati demokalase ya Botswana sinayesedwe, popeza chipani cholamula chinali chisanagonjepo. Mayeso anafika pa 30 Okutobala 2024, pamene mgwirizano wa Umbrella for Democratic Change unapeza mipando 36 ndipo chipani cholamula chinatsala ndi mipando 4 yokha. Masisi anavomera kugonja kuwerenga mavoti kusanathe, ndipo Duma Boko, loya womenyera ufulu wa anthu, analumbiritsidwa pa 1 Novembala popanda chipolowe.

Lachitatu, Gaborone

M'mawa ndinapita kukaona damu la Gaborone, limene mu 2015 linaphweratu mpaka mzinda unkalandira madzi mwa apo ndi apo. Tsopano mbali yaikulu ya madzi a mumzinda imabwera m'mapaipi kuchokera ku madamu a Letsibogo ndi Dikgatlhong, makilomita oposa 350 kumpoto. Mvula ya kuno ndi yosadalirika ndipo chilala chimabwera pafupipafupi, koma boma limapereka chakudya m'sukulu ndi m'zipatala za ana, komanso ntchito zachitukuko zolipidwa, kotero chilala sichisanduka njala yopha anthu.

Ndalama za dayamondi zinapulumutsanso miyoyo pa mliri wa Edzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Botswana inali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo Festus Mogae analankhula poyera za kuopsa kwake panthawi imene atsogoleri ena ankachita manyazi. Mu 2002 boma linayamba kupereka ma ARV aulere kudzera mu pulogalamu ya Masa, limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kuchita zimenezi. Lero munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu aliwonse ali ndi kachilombo, koma ambiri ali pa mankhwala ndipo ana obadwa nako ndi ochepa kwambiri.

Masana ndinakhala nthawi yaitali pa depoti ya mabasi, pamene makombi oyera a mzere wabuluu amanyamulira anthu. Mtsikana amene amagulitsa mayunitsi ndi maswiti patebulo anandiuza kuti ali ndi digiri ya zamalonda, imene boma linamulipirira, koma wafunafuna ntchito osaipeza. Mu 2024 anthu oposa kotala la ofuna ntchito m'dziko lino anali pa ulova, ndipo pakati pa achinyamata chiwerengerocho chinali chokwera kuposa pamenepo. Migodi ya dayamondi imabweretsa ndalama zambiri koma imalemba anthu ochepa, boma ndi limene lakhala bwana wamkulu wolemba ntchito, ndipo mafakitale sakula chifukwa msika ndi waung'ono pamene katundu wa ku South Africa amalowa mosavuta pansi pa mgwirizano wa msonkho wa SACU, umene unayamba mu 1910. Kusiyana pakati pa olemera ndi osauka n'kwakukulu, ndipo munthu amakuona akachoka ku nyumba zagalasi za ku CBD, dera la maofesi ndi malonda, n'kulowa ku Old Naledi, dera la anthu osauka.

Mtsikanayo anati anavotera kusintha chifukwa cha ntchito, ndipo boma latsopano analipatsa zaka zisanu zomwezo zimene malamulo amapereka. Bomalo lalowa pamene thumba la dziko laphwa, ndipo likuyang'ana ku migodi ya kopa imene yatsegulidwa m'chipululu pakati pa Maun ndi Ghanzi, ku magetsi a dzuwa, ku ulimi ndi ku ntchito yosema ndi kupukuta dayamondi m'dziko momwemo m'malo motumiza miyala yosakonza. Mawa ndikupita ku Lobatse kukaona kumene Botswana Meat Commission imaphera ng'ombe zogulitsa kunja, malonda amene ankadyetsa dziko lino dayamondi asanapezeke.